Tsabola amene ndinathira m'fodya wa amalume

Kunyumba kwathu amanditchula kuti wailesi, ati nkhani ikalowa m'makutu mwanga ili mbewa imatulukira pakamwa ili njovu, ndipo sindikana, nthawi zina ndimathiradi kamchere. Koma iyi yokha mundikhulupirire, chifukwa ngakhale ndikanafuna kuwonjezera palibe pamene ndikanathira, inabwera yokoleratu. Zinandichitikira ine ndemwe chaka chatha, nditangomaliza mayeso a fomu folo, ndili khale pakhomo kudikira zotsatira. Mayina sinditchula, ena mwa anthuwa timapemphera nawo tchalitchi chimodzi ndipo amadziwa kuwerenga.

Adadi anga anadwala mtima. Tsiku lina anangogwa ku ofesi kwawo ku City Centre, ndipo patapita masabata anapita nawo ku India. Kumeneko anakawaika kachitsulo kakang'ono, kangati sipuling'i ya m'bolopeni, mu mtsempha wa mtima umene unali utatsekeka. Madokotala amakatchula kuti sitenti, ntchito yake ndi kukankha mtsemphawo kuti ukhale chotsekula magazi azidutsa. Anabwerako ataonda, atanyamula jumbo ya mapilisi yoti mukhoza kutsegulira famase, ndi pepala la zoletsedwa lalitali ngati kuchokera ku Area 47 kuno kukafika ku Old Town. Pamwamba penipeni panali fodya, wamtundu uliwonse. Ngakhale mapilisi a chimfine aja oumitsa mamina anati asamangomwa osafunsa, chifukwa zinthu zimenezi zimafinya mitsempha. Adadi anali atasuta ndudu zaka zambiri kuposa zaka zanga, koma anataya paketi yomaliza mu bini ife tonse tikuona, amami mpaka anawomba m'manja.

Popeza ine ndi amene ndinalibe chochita, amami anandipatsa udindo wa unesi. Ndinatchera alamu yondikumbutsa nthawi pa foni, m'mawa pilisi loyera ndi lapinki, madzulo lina, mchere ndinabisa pamwamba pa kabati, ndipo kabotolo ka timapilisi toika pansi pa lilime chifuwa chikawagwira ndinkadziwa pamene kali ngakhale mutandimanga m'maso. Kunena zoona ndinkaigwira bwino ntchitoyi kuposa manesi ena amalipidwa aja.

Tsono pali amalume anga, achimwene awo a amami. Amagwira ntchito ya ulonda pa nyumba ina ku Area 14, koma mtima wawo unatsalira kumudzi kumene ankalima fodya. Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi ankapalasa njinga kubwera kwathu, atavala jekete yawo yakuda ija ngakhale dzuwa likuswa mtengo, kudzadya nkhomaliro ndi kusewera bawo ndi adadi kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala. Awiriwa ndi pachilamu, ndiye mukudziwa, kunyozana ndiye moni wawo. Amalume ankati azungu awaikira adadi sipuling'i ngati matilesi, adadi n'kumayankha kuti mlonda wogona pa geti alibe mawu pa nkhani za sayansi. Amami ankakondwa, ati achimwene akuwachotsa odwala maganizo.

Ine ndinayamba kudabwa ndi kuyetsemula. Munthu wopanda chimfine angamayetsemule bwanji Lamulungu lokhalokha? Kenako pochapa ndinapeza mahanki a adadi ali ndi timadontho tofiirira. Ndiye Lamulungu lina ndinakwera pa ndowa mu bafa, pawindo laling'ono lija loyang'ana kuseri, ndipo ndinaona ndi maso angawa. Amalume anacheuka uku ndi uku, n'kutulutsa kabotolo m'thumba la jekete, n'kugogoda ufa wa fodya pachikhatho. Anayamba kufwenkha iwo, mphuno iyi, mphuno inayo, kenako n'kupatsira adadi. Mwina ena simudziwa, kwathu mwini chinthu amayamba walawa yekha asanapatse mnzake, kaya ndi thobwa kaya ndi fodya, kuti aonetse kuti mulibe choipa. Adadi anga, munthu wovala tayi sabata yonse, anafwenkha n'kutsinzina ngati alowa kumwamba.

Ndinakauza amami tsiku lomwelo, ndipo anawaitana onse awiri pa khonde. Mukuganiza kuti amalume anachita manyazi? Anavula chipewa, n'kuloza kumwamba, n'kulumbira kuti fodya anasiya chaka chimene anabatizidwa. Adadi ankangoyang'ana malata ngati akuwerenga misomali. Kenako amalume anatembenuza nkhani mwaukatswiri umene sindinauonepo. Anati m'malo molondalonda akuluakulu pawindo la bafa, mwana wamkaziyu afotokoze zimene ankachita ku Old Town Lachinayi lapitalo, pafupi ndi depoti, atagwirana manja ndi mnyamata wometa mbali imodzi, pamene kunyumba ananena kuti akupita ku kwaya. Abale, mnyamatayo sanandigwire dzanja, anandigwirira chikwama, ndipo ku kwaya ndinapitako, kungoti ndinafika akutseka ndi pemphero. Koma ndani akanandimvera? Amami anandilanda foni pomwepo, n'kundiuza kuti geti ndizingoliona ndi maso. Amalume povala chipewa anawonjezera kuti mwana wabodza chonchi asayembekezere kukhoza mayeso, ndipo adadi, amene ndinkawadzutsira mapilisi m'mawa uliwonse, sananene kanthu ngakhale kamodzi.

Zinandiwawa, osanama. Masabata awiri ndinkadya mkwiyo, kumwera mkwiyo. Ndinkawaona amalume m'maganizo mwanga akugubuduzika m'fumbi, akuitana amayi awo amene anamwalira kalekale. Ndiye ndinathyola tsabola wa kambuzi kuseri kwa khitchini, uja woti ukangomuyang'ana maso amayamba kulira okha, ndinamuyanika padenga la khola la nkhuku, ndinamukazinga pang'ono kuti ade ngati fodya, n'kumusinja mpaka anasalala ngati ufa wa ana. Posinjapo ndinayetsemula mwina kasauzande. Pulani yanga inali yoyera ngati masamu a sitandade wani. Mwini fodya amayamba yekha. Amalume afwenkha, moto uwayakira m'mphuno, akuwa, amami athamangira kuseri, awapeza kabotolo kali m'manja, ine ndituluka mu bafa pang'onopang'ono kudzalandira foni yanga ndi chipepeso. Adadi sakhudzako n'komwe, chifukwa ndani angalandire fodya kwa munthu amene akulira?

Lamulungu linafika. Amalume anakoleka jekete pa mpando wa pakhonde n'kupita kukasamba m'manja, ine ndinalowetsa dzanja m'thumba, kabotolo kali momwemo, kodzaza mpaka pakhosi. Ndinataya theka m'maluwa, ndinathiramo katundu wanga, ndinakhutchumula, ndinabwezera. Pa tebulo ndinawapatsira amalume ndiwo ndikumwetulira, mpaka anati mwanayu wayamba kusintha. Atatha kudya anatenga jekete ndi bawo n'kupita kuseri ndi adadi, ine ndiye pa ndowa yanga mu bafa, mtima ukuvina.

Anasewera pang'ono. Kenako amalume anacheuka uku ndi uku monga mwa masiku onse, koma m'malo mopisa m'jekete anawerama n'kukweza mwendo wa thalauza. Mu sokosi munali kabotolo kena. Anagogoda pachikhatho, anafwenkha bwinobwino, osatsokomola ngakhale pang'ono. Ndiyeno anapisa m'jekete n'kutulutsa kanga kaja, n'kuwaika adadi m'manja. Mawu awo ndinawamva bwino chifukwa mphepo inkawomba chakuno.

"Aka ndi kanu ka sabata ino, alamu. Mubise bwino, wapolisi wanu uja ali ndi maso."

Ndiye kuti nthawi yonseyi sikunali kufwenkha kwa Lamulungu lokha ayi, ankawasiyira ndi kamba wa sabata yonse. Ndinafuna kukuwa, ndikulumbira ndinatsegula pakamwa, koma adadi sanadikire. Anatsegula kabotolo, anagogoda mulu waukulu ngati munthu amene wakhala masiku awiri ndi njala, n'kukoka wonse kamodzi.

Zimene ndinkafunira amalume zinachitikira adadi, ine ndikuonerera. Anayetsemula mpaka magalasi anagwa, anatsokomola, misozi ndi mamina mbwee, akupukusa mutu, akufuna mpweya osaupeza. Amalume poyamba anaseka, ati wa ulendo uno ndi waukali eti. Koma kenako kutsokomola kunasiya, ndipo ndi pamene ndinaopa zenizeni, chifukwa kunangoti zii. Adadi anagwira pachifuwa ndi dzanja limodzi, linalo likufufuza chogwira, nkhope inasanduka ngati phulusa, thukuta likuchita kuyenderera. Anatsetsereka pa mpando pang'onopang'ono, anakankha bawo, nkhomo zonse n'kumwazika m'fumbi.

Sindikudziwa mmene ndinatsikira pa ndowa paja. Ndinangozindikira ndili kuseri, kapilisi ka pansi pa lilime kali m'manja, ndikuwatsegula adadi pakamwa, ndikuitana amami ndi mawu oti anamveka mpaka ku sekita ina ya Area 47. Kabotolo ka fodya kanali pansi, ndinakatola n'kukaponya m'thumba la siketi, osati chifukwa cha nzeru, koma mantha a wakuba wobisa umboni. Tinawanyamulira mu galimoto, amami pa chiwongolero atavala silipasi imodzi, amalume kumbuyo atawapakata adadi mutu akupemphera mokweza, ine kutsogolo. Mwaonapo mmene msewu umatalikira ukakhala ndi wodwala? Minibasi iliyonse ya mu Lilongwe inasankha tsiku limenelo kuima pakati pa msewu. Ine m'mutu munkangozungulira chinthu chimodzi, kuti ndapha adadi anga chifukwa cha foni. Ndinkadziona kale nditavala yunifolomu ya akaidi, ndikulima dimba la ndende, anzanga akupita ku koleji.

Kuchipatala anawathamangitsira mkati, anawaika mpweya ndi mawaya pachifuwa, ife n'kutisiya pa benchi. Patapita nthawi anatuluka dokotala, mayi wachitsikana ndithu koma wa maso oti sungawanamize, n'kufunsa chimene chinachitika adadi asanagwe, chifukwa mphuno ndi kukhosi kwawo kunali kofiira ngati apsa. Anafunsa ngati anamwa kapena kununkhiza china chake, ati akufunika adziwe msanga kuti asawapatse mankhwala olakwika. Amalume anayankha mofatsa kuti ankangosewera bawo basi, mwina ndi fumbi. Amami anati iwo anali kukhitchini. Dokotala anatiyang'ana mmodzimmodzi.

Apa ndiye panali povuta, anzanga. Ndikakhala chete, adadi akhoza kufa dokotala akufufuza fumbi. Ndikayankhula, ndiye kuti ndadziulula ndekha pamaso pa amami kuti wapha amuna awo ndi mwana wawo yemwe. Ndinatulutsa kabotolo kaja n'kukaika m'manja mwa dokotala.

"Ndi fodya wa amalumewa, amawapatsa adadi sabata iliyonse. Koma lero muli tsabola. Ndathira ndine. Ndimafuna apse ndi iwowa."

Amami sanandimenye, ndipo bola akanandimenya. Anangondiyang'ana ngati akuona mwana wa eni ake. Dokotala anatsegula kabotolo chapatali, n'kuyetsemula kawiri, n'kubwerera mkati. Tinakhala pa benchi paja maola mwina awiri, kwa ine zinali zaka khumi, anthu atatu osayang'anana, aliyense ali ndi mlandu wake.

Atatulukanso, dokotala anati adadi apezako bwino, ululu watsika, koma agonekedwa. Kenako anakhala pansi n'kuwafunsa amalume kuti zimenezi zinayamba liti. Amalume, chipewa chili m'manja, anavomera kuti kuyambira mwezi umene adadi anabwera ku India, miyezi isanu yathunthu. Koma anayesabe kudziteteza. Anati fodya wa m'mphuno alibe utsi, sapita kumtima, kumudzi agogo amafwenkha mpaka mano onse kutha ali moyo. Anatinso alamu awo ndi amene ankawachonderera, ndipo munthu sungafwenkhe wekha mnzako akukuyang'ana, si ulemu.

Dokotala sanakalipe, anangofotokoza, ndipo ine ndinamvetsa kuposa zonse zimene ndinaphunzira mu bayoloje zaka zinayi. Anati sitenti si paipi ya pulasitiki yoti ukaika waiwala. Ili mkati mwa mtsempha wamoyo, ndipo mnofu wa mtsemphawo umamera pang'onopang'ono kukuta kachitsuloko, ngati chilonda chikamapola. Ukamera mopitirira, njira ija imayambanso kuchepa. Tsono fodya, kaya wosuta, kaya wa m'mphuno, kaya woika m'kamwa, ali ndi poizoni yemweyo amene amalowa m'magazi n'kuchititsa mitsempha kufinyika, komanso amapweteka khungu la mkati mwa mtsempha. Khungulo likamapwetekedwa, thupi lenilenilo limatulutsa zinthu zina zofinya mitsempha, zimenenso zimalimbikitsa mnofu uja kukula. Ndiye uku njira ikufinyidwa, uku ikumera mnofu. Ananena mosabisa kuti alipo ena amene sitenti imachepa ngakhale sanagwirepo fodya, ndiye sangalumbire kuti wachititsa ndi fodya yekha, koma kwa munthu wa mtima ngati wa adadi kabotolo kameneka kanali ngati kuthira mchenga mu ngalande imene anthu angoikumba kumene.

Ine ndinayamba kupuma bwino, mpaka ndinawayang'ana amalume ndi diso loti mwamva? Koma dokotala anatembenukira kwa ine. Anati tsabola wanga sanachepetse mtsempha, zimenezo zimatenga miyezi, koma kubanika ndi kutsokomola kuja kunathamangitsa mtima, mtima n'kufuna magazi ambiri kudzera pa njira yochepa kale.

"Sunayambitse ndiwe, mtsikana. Koma lero ukanatha kumalizitsa."

Mawu amenewo mpaka pano amandidzutsa ndikagona masana.

Adadi anakhala mu wodi sabata imodzi. Kumeneko ndi kumene anaulula kuti kwa mwezi wathunthu chifuwa chinkawagwira akamakwera masitepe a ku ofesi, koma ankabisa, kuopa kuti akapita kuchipatala nkhani ya fodya iululika. Mwaona akuluakulu? Ife ana tikabisa lipoti la kusukulu amati ndife mbava, iwo kubisa mtima wathunthu. Kenako anapitanso kunja, ndipo madokotala atawajambula anapezadi kuti mkati mwa sitenti munali mutachepa kwambiri, anachita kutsegulanso. Masabata onse amene adadi anali kumeneko, amami ankandiyankhula mawu atatu okha pa tsiku, ndipo awiri mwa iwo anali oti tsuka mbale.

Atabwerako, adadi anandiitana kuchipinda kwawo. Ndinalowa nditakonzeka kuthamangitsidwa pakhomo, ndinali nditaganiza kale zovala zonyamula. Iwo, akusisita bondo, anati tsiku lija pa khonde ndinanena zoona ndipo iwo anandisiya ndekha, anachita mantha ndi amami kuposa kuchita manyazi ndi ine. Anati andikhululukira za tsabola ngati inenso ndiwakhululukire za khonde. Ndinalira mpaka pilo wawo anachita kufinyidwa. Foni anandibwezera tsiku lomwelo, ngakhale mnyamata wometa mbali imodzi uja anali atapeza kale wina womugwirira chikwama.

Koma amalume ndiye ayi. Anabwera patapita mwezi atanyamula tambala pa njinga, anapepesa adadi, anapepesa amami, anapepesa mpaka abusa amene anabwera nawo. Ine, amene ananditcha wabodza pamaso pa makolo anga, anangondidutsa ngati mpando. Amami atawakumbutsa, anati munthu wamkulu sapepesa mwana wa mlongo wake, makamaka mwana amene ankafuna kuwawotcha mphuno. Chabwino. Ndinapempha adadi chinthu chimodzi chokha ndipo anavomera, kuti pa geti woyang'anira alendo a Lamulungu ndikhale ine. Ndiye masiku ano amalume akafika amatsika njinga, amavula jekete n'kundipatsa, amatembenuza matumba, amavula chipewa ndi nsapato, ine ndikufufuza mosathamanga, nthawi zina kawiri ngati anthu akudutsa mumsewu. Mlonda wa zaka makumi awiri pa ntchito, kusechedwa ndi mwana amene anati sakhoza mayeso. Ndisanaiwale, ndinakhoza, ndipo satifiketi ndinawaonetsa pa geti pomwepo ali osavala nsapato.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti odwala athu ambiri sawapweteka adani ayi, amawapweteka anthu owakonda amene sadziwa kukana, aja amati kachepa aka sikangaphe munthu. Ngati kwanu kuli wina amene anamuika sitenti, musamangolondera mchere ndi mafuta kukhitchini, muziyang'ananso zimene alendo abweretsa m'matumba, ndipo akayamba kupuma movutikira pa masitepe musadikire kuti anene yekha, akuluakulu amanama kuposa ife. Ndipo inu anzanga a mtima wa kambuzi ngati wanga, mukafuna kubwezera munthu, musadutsitse mkwiyo wanu pa chinthu chimene chingafike m'manja mwa wodwala, chifukwa msampha sufunsa dzina la amene waupondayo. Ine ndinatsala pang'ono kuika adadi anga m'manda ndi dzanja langa. Zoti ndinalakwa ndikuvomera, koma zoti ndawakhululukira amalume musamve kwa munthu. Iwo amauza amami kuti ndidzaiwala ndikadzakula. Ndinawatumizira uthenga kuti adikire ndithu, ine ndimakula pang'onopang'ono.